Mbiri ya Tsabola ndi Anthu Amene Adamusankhira Mbewu

Munthu wa ku Mulanje kapena wa ku Dedza mukamuuza kuti tsabola ndi mlendo kuno kwathu, akhoza kukutsutsani mpaka dzuwa kulowa. Adzakuuzani kuti tsabola amamera yekha padzala ndi kuseri kwa bafa, kuti agogo ake adamupeza alipo kale, ndipo adalowa mpaka m'miyambi ya makolo. Zonsezo n'zoona. Komabe zaka 600 zapitazo, mu Africa monse, ku India, ku China ndi ku Ulaya kunalibe ngakhale tsinde limodzi la tsabola ameneyu. Kwawo kwenikweni ndi ku America, ndipo akatswiri a zomera amaloza chigawo cha Bolivia ndi Peru kuti n'kumene kudachokera makolo ake akutchire.

Tsabola wakutchire ndi kanthu kochepa: tizipatso tofiira tonga mikanda, toloza kumwamba, tothothoka tikangopsa. Amene adayamba kumufalitsa si anthu koma mbalame. Mbalame sizimva kuwawa kwake, zimameza chipatso chonse n'kukataya njere zamoyo kutali, kawirikawiri pansi pa mtengo pamene pali mthunzi. Mbewa ndi nyama zina zokukuta njere zimamuthawa. Aliyense amene adaonapo pumbwa akutha tsabola kuseri kwa nyumba akudziwa kale zimene asayansi Joshua Tewksbury ndi Gary Nabhan adadzatsimikiza ku Arizona m'chaka cha 2001. Pambuyo pake Tewksbury adapezanso ku Bolivia kuti ukali womwewo umateteza njere ku chuku chimene chimalowa m'chipatso tizilombo tikachiboola.

Anthu a ku America adayamba n'kuthyola tsabola wakutchireyo, kenaka n'kumusendeza pafupi ndi nyumba. Zotsalira zake zidapezeka pa miyala yoperera ndi pa mapale ku Ecuador, za zaka pafupifupi 6,000 zapitazo, ndiponso m'mapanga a m'chigwa cha Tehuacán ku Mexico. Kafukufuku woyamba wa mbewuyi adachita ndi alimi amenewa, opanda labotale, opanda cholembera. Chaka ndi chaka ankasunga njere za tsinde limene zipatso zake sizinkayoyoka, limene zipatso zake zinali zokulirapo, zolendewera pansi pa masamba pamene mbalame sizizionera msanga. Ntchitoyi idachitika m'malo angapo mosadalirana, ndipo idabala mitundu isanu yolimidwa. Wa ku Mexico, Capsicum annuum, ndiye kholo la paprika ndi tsabola wobiriwira wamkulu uja wosawawa. Wa m'zigwa za Amazon, Capsicum chinense, ndiye wa fungo lokoma ndi ukali woopsa, mtundu wa kambuzi wathu. Capsicum frutescens ndi kakang'ono koloza kumwamba kaja. Mitundu iwiri yotsalayo idakhalira makamaka kwawo ku mapiri a Andes, ndipo umodzi mwa iyo uli ndi njere zakuda ndi maluwa ofiirira.

Pofika nthawi ya ufumu wa Aaztec, tsabola anali chuma. Madera ogonjetsedwa ankapereka msonkho wa tsabola wouma ku likulu, mzinda wa Tenochtitlan. Wansembe wa ku Spain, Bernardino de Sahagún, adalemba za misika kumene ogulitsa ankasiyanitsa tsabola potengera dera lochokera, mtundu, ukali ndi kaumitsidwe kake. M'buku la zithunzi lotchedwa Codex Mendoza muli chithunzi cha kholo likulanga mwana pomugwirira pa utsi wa tsabola. M'minda yawo tsabola ankalimidwa pafupi ndi chimanga, nyemba ndi maungu. Mlimi wa kuno akaona munda wotero angaganize kuti ndi wa kwawo, chifukwa mbewu zonsezi zidabwera kwa ife kuchokera komweko.

Christopher Columbus adawoloka nyanja mu 1492 akufuna njira yopita ku India, kumene kunkachokera tsabola wakuda wa timibulu, amene ku Ulaya ankagulidwa pa mtengo wokwera kwambiri. India sadamupeze. Adapeza anthu a pa zilumba za Caribbean akudya chakudya chilichonse ndi kachipatso kowawa, ndipo njere zake zidafika ku Spain. Koma amene adamuyendetsa dziko lonse ndi Apwitikizi. Vasco da Gama adadutsa pa chilumba cha Mozambique mu 1498 popita ku Calicut. Pofika 1505 Apwitikizi anali ku Sofala, mu 1510 adalanda Goa, ndipo m'zaka za m'ma 1530 adakwera Zambezi n'kukhazikika ku Sena ndi ku Tete, pakhomo penipeni pa dziko la Amaravi. Njira za minyanga, nsalu ndi mikanda, zimene pambuyo pake zidasanduka njira za akapolo, ndi zomwenso zidadutsa mbewu za ku America polowa kumtunda. Tsabola adayenda msanga mwakuti mu 1542 katswiri wa zomera wa ku Germany, Leonhart Fuchs, adamujambula m'buku lake akukhulupirira kuti ndi mbewu ya ku India.

Chidamuthamangitsa chotere n'chosavuta kumvetsa. Tsabola wakuda ndi chomera choyanga chofuna mvula yambiri ndi kutentha kwa m'mbali mwa nyanja ku India, choncho anali wa anthu olemera. Tsabola watsopanoyu ankamera paliponse, ankabereka chaka chomwecho, ankasungika akauma, ndipo ankakometsa ndiwo za mmphawi. Ku Ulaya adalowanso kudzera mwa Aturuki mpaka ku Hungary, kumene adasanduka paprika wa ku Szeged ndi ku Kalocsa. Ku China adatchulidwa m'mabuku chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, poyamba ngati duwa lokongoletsa pakhomo. Ku Korea adasintha mtundu wa ndiwo zawo zowawasa za kabichi kukhala zofiira. Kulikonse kumene adafika, alimi adayambiranso kusankha njere malinga ndi lilime lawo ndi nthaka yawo, ndipo pakutha pa mibadwo ingapo dera lililonse linali ndi tsabola wakewake.

Asayansi adalowa mochedwa, ndipo adayambira pa funso la ukali. Mu 1876 John Clough Thresh wa ku England adapatula mankhwala amene amachititsa kuwawa n'kuwatcha capsaicin. Zidadziwika kuti mankhwalawa sapangidwa m'njere monga ambiri amaganizira, koma m'kamnofu koyera ka m'kati kamene njere zimamatirirapo. Mu 1912 Wilbur Scoville, wogwira ntchito pa kampani ya mankhwala ya Parke-Davis ku Detroit, adakonza njira yoyezera ukali. Ankaviika tsabola wopera mu mowa waukali, n'kumasungunula madziwo ndi madzi a shuga pang'onopang'ono, gulu la anthu likulawa, mpaka pamene ambiri mwa iwo sankamvanso kuwawa. Kuchuluka kwa madzi osungunulirawo ndiwo unkakhala mlingo wa tsabolayo. Lero amayeza ndi makina, koma dzina la Scoville lidakalipo pa mlingowo. Ku Szeged nako kudachitika zake. Wasayansi Albert Szent-Györgyi ankasowa kopeza vitamini C wochuluka woti afufuze. Iye mwini ankasimba kuti tsiku lina mkazi wake adamukonzera paprika pa chakudya chamadzulo, iye posafuna kudya adamutengera ku labotale, ndipo adapeza kuti ali ndi vitaminiyo wambiri zedi. Mu 1937 adalandira mphoto ya Nobel.

Koma mbiri ya kafukufuku wa m'munda, wofuna kuti mlimi akolole zambiri ndi zofanana, imayambira kwenikweni ku New Mexico, kwa munthu wotchedwa Fabián García. Adabadwira ku Chihuahua, dziko la Mexico, mu 1871. Makolo ake adamwalira iye ali wakhanda, ndipo agogo ake aakazi adamutenga kuwoloka naye malire. Anali m'gulu loyamba la ophunzira amene adatsiriza maphunziro pa sukulu ya zaulimi ya ku Las Cruces mu 1894, ndipo pambuyo pake adadzakhala mkulu wa malo a kafukufuku a pasukulupo. Vuto limene adalipeza m'minda ya m'mphepete mwa mtsinje wa Rio Grande ndi lodziwika kwa mlimi aliyense wobzala mbewu yobwereza. M'munda umodzi, tsinde ili likubereka zazitali, ilo zopindika, lina zowawa koopsa, lina zozizira. Pakhomo palibe vuto, mayi amadziwa tsinde loti athyole. Koma fakitale yoika tsabola m'zitini inkafuna zipatso zosalala, za mnofu wokhuthala, zosendeka mosavuta, za ukali wofanana chitini ndi chitini.

García adasonkhanitsa mbewu za alimi, n'kuzibzala m'mizere yokhala ndi manambala. Chaka chilichonse ankasunga njere za matsinde abwino okhaokha, ena onse n'kuwataya. Ntchitoyi imafuna kuleza mtima chifukwa cha khalidwe la duwa la tsabola. Duwali limatha kudzibereketsa lokha, koma njuchi zimanyamulanso mungu kuchoka pa tsinde lina kupita pa lina, ndiye mbewu imene mwavutika nayo zaka zitatu ikhoza kusakanizika m'nyengo imodzi mukabzala pafupi ndi mtundu wina. N'chifukwa chake opanga mbewu mpaka lero amatalikitsa minda kapena kuphimba matsinde ndi neti. Patatha zaka zambiri, mzere wa nambala 9 ndiwo udapambana, ndipo mu 1921 García adafalitsa lipoti la mtundu wotchedwa New Mexico No. 9. Kuchokera pa mbewu imeneyo padakula ulimi ndi malonda amene lero ndi chizindikiro cha dera lonselo. Atamwalira mu 1948, chuma chake adasiyira sukulu ija kuti imange nyumba yogona ophunzira osauka. Otsatira ake adapitiriza: Roy Nakayama adatulutsa NuMex Big Jim mu 1975, ndipo mu 1992 Paul Bosland adakhazikitsa Chile Pepper Institute pa sukulu yomweyo.

Kumeneko n'kumenenso mdani wamkulu wa tsabola adadziwika dzina. Alimi ankaona matsinde athanzi akufota mwadzidzidzi madzi akadikha m'munda, mzere wonse kuuma masamba adakali pomwepo. Mu 1922 Leon Leonian adafotokoza kachilombo kochititsa zimenezi, Phytophthora capsici, kamene kamakhala m'nthaka ndipo mbewu zake zimasambira m'madzi kupita pa mizu ina. Mankhwala oyamba sadali a m'botolo. Anali kubzala pamwamba pa mizere yokwera kuti madzi asakhudze tsinde, kusathirira mopitiriza, ndi kasinthasintha wa mbewu, osabwereza tsabola pamene panali tsabola, tomato kapena mabiringanya.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kafukufuku adatembenukira ku mbewu za haibulidi. Kukwatitsa mitundu iwiri kumapatsa mbewu yamphamvu yobereka kwambiri, koma kuchita zimenezi ndi manja n'kowawa: munthu amatsegula duwa lisanamasule, kuchotsa timitu ta mungu ndi kachitsulo, n'kupaka mungu wa tsinde lina, duwa limodzilimodzi munda wonse. Mu 1958 katswiri wina wa ku America wotchedwa Peterson adapeza tsabola amene maluwa ake sapanga mungu wamoyo, ndipo zimenezi zidachepetsa ntchito. Makampani a ku South Korea adaigwiritsa kwambiri njirayi. Vuto lake kwa mlimi ndi lakuti njere za haibulidi sizibwerezedwa, chaka chilichonse ayenera kubwerera ku sitolo.

Apa pali chinthu chimene chimabwerezabwereza m'mbiri yonseyi. Nthawi iliyonse imene matenda agonjetsa mbewu zamakono, akatswiri akhala akubwerera kwa mlimi wa kumudzi kapena kutchire kukapempha thandizo. Mphamvu yolimbana ndi kufota kuja adaipeza mwa tsabola wa makolo wa m'chigawo cha Morelos ku Mexico, amene m'mabuku amatchedwa CM334. Yolimbana ndi matenda a mawanga a pamasamba idachokera kwa tsabola wakutchire wa ku South America, Capsicum chacoense. Yolimbana ndi vairasi yofalitsidwa ndi tizilombo ta thrips idachokera kwa abale ake a kambuzi. N'chifukwa chake nkhokwe zosungira mbewu zidakhala zofunika. Bungwe limene lero limatchedwa World Vegetable Center lidayamba mu 1971 ku Shanhua, pa chilumba cha Taiwan, lidatenga tsabola kukhala imodzi mwa mbewu zake zikuluzikulu m'zaka za m'ma 1980, ndipo lili ndi nthambi ku Arusha m'dziko la Tanzania. Pamene akatswiri a ku Seoul adawerenga DNA yonse ya tsabola mu 2014, n'kupeza kuti ndi yaikulu pafupifupi kanayi kuposa ya tomato, tsabola amene adamusankha kuti amuwerenge anali yemwe uja wa alimi a ku Morelos.

Mbali ina ya kafukufuku, imene siitchuka koma ndi imene imadzaza matumba, ndi ya kasamalidwe. Zoyesa za m'maiko ambiri zidagwirizana pa mfundo zingapo. Njere zimamera bwino nthaka ikafunda madigiri 25 mpaka 30, ndipo mbande zimawokeredwa zikatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu pa nazale. Kutentha kukapitirira madigiri 32, maluwa amayamba kuyoyoka osagwira zipatso. Feteleza wokulitsa akachuluka, tsinde limangochita masamba obiriwira bii, zipatso n'kuchedwa. Kuola kwa kunsonga kwa chipatso, kumene ambiri amathamangira kupopera mankhwala, si matenda ogwira: ndi kuperewera kwa calcium m'chipatsomo, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi kuthirira modumphadumpha, lero madzi ambiri, mawa nthaka gwaa. Ludzu pang'ono limawonjezera ukali koma limachepetsa zokolola. Kuthirira kodontheza madzi patsinde kudzera m'timapaipi, kumene kudakula ku Israel m'zaka za m'ma 1960, pamodzi ndi kuphimbira nthaka, kudathetsa ambiri mwa mavutowa. Ku Netherlands, m'nyumba zagalasi momwe kutentha, madzi ndi chakudya cha mbewu zimayendetsedwa ndi kompyuta, mlimi amakolola makilogalamu 25 kapena kuposerapo a tsabola wosawawa pa malo otalika mita imodzi mbali zonse.

Mankhwala opopera nawo ali ndi mbiri yake yophunzitsa. Ku Almería m'dziko la Spain, kumene mashedi apulasitiki adaphimba chigwa chonse, alimi adapopera thrips mpaka tizilomboto tidasiya kufa. Chakumapeto kwa 2006 ogula a ku Germany adapeza mankhwala osaloledwa pa tsabola wochokera kumeneko, ndipo msika udagwedezeka. M'nyengo zochepa zotsatira alimi ambiri adasiya kudalira mpope n'kuyamba kugula tizilombo todya tinzake, kumatimwaza m'mashedi. Zimene akatswiri adalalikira kwa zaka zambiri osamvedwa, msika udaziphunzitsa m'chaka chimodzi.

Chaka cha 2021 chidaonetsa nkhope zonse za nkhaniyi nthawi imodzi. David Julius adalandira mphoto ya Nobel chifukwa chopeza, pogwiritsa ntchito capsaicin, kanthu ka m'mitsempha yathu kamene kamamva kutentha kopitirira madigiri 43, ndipo n'komweko kamene tsabola amakanyenga kuti m'kamwa mwapsa. Akatswiri a NASA adakolola tsabola wa mbewu ya ku New Mexico m'chombo cha mumlengalenga. Koma ku Guntur m'dziko la India, kumene kuli msika wotchuka kwambiri wa tsabola wouma, mtundu wachilendo wa thrips zakuda udagwa m'maluwa n'kuwononga minda yambirimbiri, alimi n'kutsala ndi ngongole. India ndiye amatsogola pa tsabola wouma, China pa wamuwisi, koma ngakhale iwo sadathane ndi vuto la tizilombo.

Kuno ku Malawi tsabola adakhala zaka mazana ambiri ali wa pakhomo, wosinja ndi mchere, woika m'botolo la mafuta kapena la mandimu. Adayamba kulowa m'malonda aakulu m'zaka za m'ma 1970, pamene Alford Nalilo Khoromana adayamba kupanga tsabola wa m'botolo wa Nali, wokhala ndi chenjezo lija lakuti abale samalani. M'zaka za m'ma 1990, anthu atayamba kufunafuna mbewu zina zoti zithandizane ndi fodya, paprika adafika m'maboma a pakati ndi kumpoto kudzera m'makampani ogula monga Cheetah, ndipo alimi a fodya adamulandira mosavuta popeza nazale, kuwokera ndi kusankha magiredi ankazidziwa kale. Ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe alimi a m'bungwe la Zikometso, pansi pa NASFAM, adatchuka ndi tsabola wamng'ono wa bird's eye wogulitsa kunja. Malo odyera a Nando's, amene adayamba ku Johannesburg mu 1987, amagula tsabola wotereyu kwa alimi a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. M'midzi yoyandikana ndi nkhalango za nyama, kuno ndi ku Zambia, tsabola adapeza ntchito inanso: amamusakaniza ndi oilo wakutha n'kupaka pa zingwe zotchingira minda, kapena kumuumba ndi ndowe n'kufukiza, kuti njovu zibwerere.

Wolima bird's eye amadziwa kuti ndalama yake ili pa zala. Tizipatso timapsa mosiyana, ndiye kuthyola ndi kwa sabata ndi sabata kwa miyezi ingapo, kamodzikamodzi, msana uli chiweramire, ndipo wothyola akaiwala n'kudzigwira m'maso amalira tsiku lonse. Akatha apo, nkhondo imasamukira poyanika. Tsabola woyanikidwa pansi, kapena wolongedwa m'thumba asanaume mpaka kuchita phokoso pomugwedeza, amagwidwa chuku chobala poizoni wa aflatoxin, ndipo malamulo a maiko a European Union salola mlingo woposa magawo 10 pa biliyoni mu tsabola wouma. Thandala lokwera ndi thumba louma zimatha kupulumutsa katundu amene feteleza ndi thukuta la miyezi isanu ndi umodzi zidapanga.

Chofooka chathu chachikulu chili pa mbewu. Alimi ambiri amabzala njere zotola pa zotsalira za chaka chatha, nthawi zina za tsabola amene ogula adamukana, ndipo munda umatuluka wosakanizika ngati minda imene García adaipeza zaka zoposa 100 zapitazo. Malo ochitira kafukufuku tili nawo: Bvumbwe ku Thyolo ndi wa mbewu zamasamba ndi zipatso, ku Chitedze kuli nkhokwe ya mbewu ya dziko lino, ku Bunda kuli aphunzitsi ndi ophunzira. Koma ndalama ndi chidwi cha dziko zakhala zikupita ku chimanga ndi fodya, tsabola n'kumatola nyenyeswa. Kambuzi, amene fungo lake alendo amalitengera kwawo m'mabotolo, adasankhidwa ndi amayi a m'midzi mwathu kwa mibadwo yambiri, ndipo dera lililonse lili ndi wake. Ameneyu ayenera kusonkhanitsidwa boma ndi boma, kubzalidwa m'mizere ya manambala, kuyesedwa pa zokolola, ukali ndi matenda, mbewu yabwino n'kubwerera kwa alimi ili ndi dzina. Ntchito yotere imatenga zaka khumi, choncho a unduna wa zaulimi ndi makampani ogula tsabola aiyambe dzinja likubwerali.